Kudenga Kwanga Kuli Eni Ake

Lolemba, Novembala, ku Malowera

Uthenga wafika ndi motorisita, woyendetsa kamiyau, lole ya ku Chiputo: mkazi wanga Yasinta abwera Lamulungu. Mwana watuluka m'chikuta, mchombo wagwa, akuyamwa bwino. Akuti mphuno ndi yanga. Pepa mwanawe.

Akubwera ndi gulu: Yasinta, khandalo, apongozi, ndi a Zakeyu, atsibweni ake a Yasinta, eni mbumba. A Zakeyu ndi amene anavomera chitengwa, kuti mkazi azikhala kuno kwanga m'malo moti ine ndikakhale mkamwini ku Chiputo. Anavomera monyinyirika, ndipo chimene chinawagonjetsa si dipuloma yanga. Ndi denga. Tsiku limene analowa m'sala muno, m'chipinda chochezera, anayang'ana kumwamba, osaona malata, osaona mitanda, kungoona matabwa osalala opaka njereza. Teto falusu, denga la mkati, loyamba pa moyo wawo. "Nyumba yovala chipewa mkati!" anatero. Koma anasiya mawu: tsiku limene mbumba yawo idzagone moipa, adzaitenga.

Tsono Lamulungu akudzaona ngati mdzukulu wawo angagone muno. Akati ayi, onse abwerera ndi kamiyau yomweyo. Mitambo yayamba kale kusonkhana, ndipo mvula ikagwa msewu wa ku Chiputo umasanduka phala. Mwanayo ndidzamuona akukwawa.

Vuto ndi limodzi: kudenga kuli anthu.

Chichokere Yasinta kukachira kwawo, nyumba inangoti zii, ndipo ena anamva kuti kuno kwapezeka malo. Kalembera wa lero, wochita ndi khutu:

- makoswe, ambirimbiri, othamanga ngati ana a kalasi yoyamba belu likalira;
- mileme, mbali ya kumadzulo, fungo lake latsikira kale kuchipinda;
- wina wake wolemera, woyenda pang'onopang'ono, amene sindikumudziwa. Kayendedwe kake ndi ka dirietori, mkulu wa sukulu yathu.

Zimene ndinaikako ndekha ndi mabuku a ku Institutu ya aphunzitsi. Kulinso matumba a mtedza wa apongozi, wambewu, wofiira waung'ono uja wa kwawo. Anautumiza mwakachetechete atangokolola kuti ndiwabisire, chifukwa ku Chiputo ukakhala m'nkhokwe abale amaupempha mpaka utatha, ndipo mkulu wa opempha ndi mlongo wawo, a Zakeyu omwewo. Kwa iwo apongozi anati chaka chino chiswe chadya wonse. Ine sindinafunse kanthu. Mkamwini safunsa, amangosenza.

Pulano, monga anatiphunzitsira ku Institutu: cholinga, njira, zipangizo, kuunika.

Cholinga: pofika Loweruka kudenga kukhale kopanda munthu.

Zinazo ndilemba mawa. Ndine munthu wophunzira. Sabata yathunthu ndi yambiri!

Lachiwiri

Njira yabwera yokha, yadumpha mpanda. A Layitoni, aneba anga, anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo ndipo mtima wawo unatsalira komweko. Mudzi wonse umanditcha a Pulofesori, iwo okha amati aTicha.

"ATicha, ku Zambia nyumba za siling'i zili mbwee. Mankhwala ake ndi mphaka basi."

Andibwereka wawo. Dzina lake Petauke. Wonenepa m'mimba, maso a munthu amene anaona zambiri. A Layitoni akuti ameneyu khoswe akangomva fungo lake amalemba yekha kalata yotsanzika.

Ndikwera patebulo, nditsegula kachitseko ka kudenga, ndimuponya Petauke mkati, nditseka. Puronto, zatheka!

Nkhondo! Gudugudu, tswii, phi! Fumbi likugwera m'kapu yanga ya tiyi. Ndipita kusukulu mtima uli m'malo, ndiphunzitsa za mbali za duwa mwaluso kwambiri.

Masana: zii. Ndikuyamba kuganiza zoti mwina Lachitatu ndingopuma.

Chakumadzulo: makoswe ayambanso kuthamanga, monga dzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano pali mapazi ena ofewa amene akuyenda nawo limodzi. Osati pambuyo pawo. Limodzi.

Nditsegula kachitseko, ndiika kapenta m'mbale patebulo, ndiitana mwaulemu. Petauke asuzumira, ayang'ana kapenta, ayang'ana ine, ayasamula, abwerera.

Kuunika: otuluka palibe. Wolowa mmodzi.

Lachitatu

A Layitoni akufunsa mphaka wawo. Ndawauza kuti akadali pantchito.

"Ndiye kuti makoswe anuwa ndi a Chipwitikizi, samva. Ku Zambia zikatere timafukiza tsabola."

Zipangizo:

- mbaula;
- zitsononkho;
- tsabola wouma wodzaza chipewa;
- nsanza zonyowa;
- chikhulupiriro.

Mbaula ili patebulo, pansi pa kachitseko. Ku Institutu anatiuza kuti utsi umakwera. Utsi wa ku Malowera sunamve zimenezo. Wakwera pang'ono, waona mmene kulili, wabwerera kudzera m'ming'alu yonse ya matabwa. Ndikutsokomola m'sala, ndikutsokomola pakhonde, ndikutsokomola pansi pa mtengo wa mango. A Layitoni akuonerera ali kuseri kwa mpanda wawo, kumene mphepo sikufika. "Onjezani, aTicha! Zikugwira!"

Zagwiradi. Mileme yatuluka kudenga. Yalowa kuchipinda. Ina yalendewera paneti ya udzudzu, ina pachingwe chimene ndinayanikapo timalaya tatsopano ta mwana. Yafola mwadongosolo ngati kwaya. Ndaithamangitsa ndi tsache, yazungulira nyumba, yabwerera kudenga kudzera kunja. Njira ikuidziwa kuposa ine.

Njereza yoyera ija, imene inagonjetsa a Zakeyu, tsopano ikuoneka ngati kunsi kwa mphika.

Ndiye maganizo andibwerera ndili pakati pa kutsokomola: mtedza wambewu ukamva kutentha umamera? Ndathira mbaula madzi msangamsanga. Makoswe ndingawapirire. Koma kukazingira apongozi mbewu yawo, ayi.

Kusukulu ndafika maso ali psuu, misozi ili chuchuchu. A dirietori andigwira paphewa. "Limbani mtima, kolega. Ndani watisiya?" Ndayankha kuti palibe amene watisiya. Vuto lake ndi lomwelo.

Lachinayi

Lero nzeru ndi zanga. Ngati sakutuluka ndi pempho, nditseka mipata yonse imene amalowera, pakati pa khoma ndi malata. Wofuna kudya kunja akadyere komweko.

Matope ali m'ndowa, makwerero atsamira khoma, a Layitoni agwirira pansi. Ndikwera. Mpata woyamba ndamata. Wachiwiri ndamata. Pa mpata waukulu wa kunsonga ndisuzumira kuti ndione kukula kwake.

Mkatimo muli nkhope.

Yoyera, yaphwatalala ngati mbale, maso onse kutsogolo. Ikundiyang'ana monga amayang'anira insipetori akapeza kuti sunakonzekere phunziro. Kumbuyo kwake tiana, ngati mipukutu ya thonje yokhala ndi milomo, tikuchita fwee, fwee, ngati nkhalamba yodwala chifuwa ikuliza mkonono.

Kadzidzi! Ndi banja lake!

Wolemera uja ndamudziwa.

Ine ndimaphunzitsa ana kuti kadzidzi ndi mbalame ngati ina iliyonse, bwenzi la mlimi, amadya makoswe, zoti akatera panyumba kugwa maliro ndi zikhulupiriro chabe. Ndimalemba pabolodi, ana amakopera, ndimachonga. Mutu wanga ukuvomereza zonsezi. Koma miyendo yanga sinapite ku Institutu. Ndangozindikira ndili pansi, ndowa ili uko, nsapato imodzi yatsala pamakwerero.

"Mwaona chiyani, aTicha?"

Nkhunda, ndatero.

"Nkhunda yolira fwee?"

Akwera okha. Atsika mofulumira kuposa ine. Tikhala pansi tonse awiri, kuyang'ana nyerere. Kenako alumbira kuti sauza munthu aliyense, kupatula amayi a kunyumba kwawo, chifukwa m'banja mwawo sabisirana.

Epa!

Kumata kwalekeka. Ndikatseka mpata uja, tianato tifera momwemo pamodzi ndi Petauke, ndipo Lamulungu alendo adzalandiridwa ndi fungo. Ndikausiya, kadzidzi adzalira pamwamba pa khanda, a Zakeyu akumva. Mipata iwiri imene ndamata ija ndi imene mileme imatulukira. Tsopano ikutulukira kuchipinda.

Lachisanu

Kumsika aliyense akundipatsa moni ndi manja awiri. Mayi wogulitsa tomato wandiwonjezera mulu osapempha. "Mulungu ndiye adziwa, a Pulofesori." Wogulitsa matabwa wandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ngati akuyeza.

Kamiyau yanyamuka kupita ku Chiputo. Yanyamula mchere, sopo, malata a winawake, ndi nkhani yanga.

Masana kwabwera amayi a kumpingo kudzapempherera nyumba. Akhala pamphasa m'sala, pansi pa denga lakuda lija, ayamba nyimbo. Ndime yoyamba yadutsa bwino. Pa ndime yachiwiri kumwamba kwayankha: fwee, fwee. Nyimbo yazima. Mayi wina wanong'oneza mnzake, mokweza ndithu: "Kumwambaku kwagona munthu." Pemphero lotsekera lakhala lalifupi kwambiri chiyambire mpingo. Tiyi amwa. Shuga watha.

A Layitoni abwera ndi njira yomaliza ya ku Zambia: wailesi. Akuti nyama zakutchire zimadana ndi phokoso. Taiyatsa wailesi yanga mokweza, ndaikankhira kudenga ndi mpini wa khasu. Ikugwira siteshoni ya kutsidya kwa malire. Tsopano makoswe akuthamanga ndi nyimbo.

Ndalowetsa dzanja kuti ndiitenge. Landikanda dzanja lina. Ndawunika ndi lanterna, katochi kanga: Petauke wagona chammbali, tiana ta mphaka tikuyamwa. Kunenepa kuja sikunali kwa ukatswiri.

"Amenewo ndi anga, aTicha, musawagwire," akutero a Layitoni. "Ndipo mphaka wa m'chikuta sasamutsidwa."

Madzulo ndakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene foni imagwira. Yasinta mawu ake ali kutali. "Atsibweni amva za mbalame ija. Akuti adzaona ndi maso awo. Akaipeza, sititsitsa n'komwe katundu." Kenako, motsitsa mawu: "Amayi akufunsa, katundu wawo uja ali bwino?"

Za ine sanafunse. Ndamva kamwana kakulira chapatali foni isanaduke. Kali ndi mawu amphamvu. Ndakhala pachulupo kanthawi ndithu.

Loweruka

Tsiku lotsiriza. Ndikwera ndekha.

Zovala za kunkhondo:

- jekete ya ukwati, chifukwa ndi yokhuthala;
- chipewa cha njinga yamoto, chobwereka;
- lanterna pakamwa;
- thumba lopanda kanthu, loikamo aliyense wogonja.

Kudenga n'kotentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ndikukwawa pamitanda. Aka n'koyamba kuona mbali iyi ya nyumba yanga bwinobwino, ndipo kunena zoona, akukhala mwadongosolo kuposa ife apansi. Mileme kumadzulo. Kadzidzi kunsonga, diso limodzi lotseka, linalo pa ine. Petauke ndi ana ake ayala pabuku langa la Metodolojiya. Khoswe wina wadutsa pafupi ndi mphuno yake, Petauke wangosuntha mchira kuti mnzake adutse bwino. Wailesi ikulengeza za maliro a ku Zambia, mawu akuchepa.

Mabuku ena adya. Ayambira pa mutu wa kuunika.

Matumba a apongozi: loyamba ndaligwira, langoti fwa, makoko okhaokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Limene lili kufupi ndi kadzidzi ndi lokhalo limene likadali lolemera. Kumeneko makoswe safikako. Inenso sindifikako.

Ndaganiza zokoka thumba limenelo ndi mpini. Ndatambasula dzanja. Kadzidzi watsegula diso lachiwiri. Ndabwerera m'mbuyo mwaulemu, ndipo bondo langa laphonya mtanda.

Khwaa!

Mwendo umodzi uli m'sala, thupi lili kudenga. Makoko a mtedza akuyoyoka m'mbali mwa ntchafu yanga ngati chimanga pachigayo. Pansi ndikumva mawu a a Layitoni, odekha: "ATicha, mwendo uwu ndi wanu?"

Andikoka. Bowo latsala, lalikulu ngati lichero, pakatikati pa sala, pamwamba penipeni pa mpando wa alendo.

Tabwa lina losalala ngati limeneli kulibe m'Malowera muno. Ndatenga kapulana ya Yasinta, chitenje chake cha maluwa achikasu, ndaikhomera pabowopo ndi misomali. A Layitoni akuti ku Zambia anthu olemera amakongoletsa siling'i chomwecho. Ndasesa, ndapaka njereza pamene dzanja likufika, ndasesanso. Pofika madzulo kapulana yayamba kufufuma pakati, ngati nayonso ili ndi pathupi.

Kuunika: sindichita. Mutu wake anadya.

Lamulungu

Kamiyau yafika masana, mitambo ili bii kumbuyo kwake. Motorisita akuti sazimitsa injini nthawi yaitali, akufuna kuwoloka mitsinje mvula isanagwe. Katundu wa Yasinta watsala pamwamba pa kamiyau. A Zakeyu alamula kuti asatsitsidwe kaye.

Mwana ndamuona. Mphuno ndi yangadi. Zina zonse ndi zabwino.

Apongozi alowa m'sala, ndiye ine malo anga ndi pakhomo, chogwada, maso pansi. Ine ndi iwo sitiyang'anana, sitilankhulana mwachindunji. Iwo amalankhula ndi khoma, ine ndimayankha kwa Yasinta.

A Zakeyu akhala pampando wa alendo. Ayang'ana kumwamba nthawi yaitali. "Chipewa chija chavala duku tsopano?" Palibe waseka. "Akamwini, ku Chiputo tamva kuti muno mukulira mbalame ija sititchula dzina."

Ndisanatsegule pakamwa, kapulana yagwedezeka. Winawake wadutsa pamwamba pake. M'mphepete mwatuluka makoko, kenako kanjere kamodzi, kofiira, kakang'ono. Thapwi! M'kapu ya a Zakeyu.

Akavuula ndi zala. Akatembenuza. Akanunkhiza.

"Mtedza uwu ndikuudziwa ine. Bweretsani makwerero."

Makwerero ali panja, ndikuwaona. Kumwambako kuli kadzidzi, amene anditengera mkazi ndi mwana. Kulinso thumba limene chiswe chinadya ku Chiputo. Ndadzuka kuti ndikawatenge, poti mkamwini amangosenza.

Apongozi akhosomola. Alankhula ndi khoma.

"Khanda lili pansi, mwamuna akwere pamwamba pake? Mukufuna mwana adwale tsempho? Mpaka atatengedwa kumphasa, palibe mwamuna wokwera kudenga kuno. Kaya mwini mbumba, kaya mwini nyumba."

"Mwambo umenewu sindinaumvepo, alongo," akutero a Zakeyu.

"Mukanaumva kuti? Munaberekapo?"

Ngakhale makoswe aima.

A Zakeyu ayesa njira ina. Nanga mtedzawu? Apongozi auza khoma kuti mtedza wofiira sumera ku Chiputo kokha. Nanga phokoso limene anthu akulimva, la fwee, fwee? Apa wayankha ndi Yasinta, maso ali pa mwana: "Ndi bambo a mwanawa, atsibweni. Mkonono. Chikwatirane sindinagonepo tulo."

Ine sindiliza mkonono. Ndavomera ndi mutu.

"Ndiye azigona kukhitchini, angamadzidzimutse mwana," apongozi auza khoma. "Ine nditsala konkuno, ndizionetsetsa kuti mwambo ukusungidwa."

Kunja kwagunda bingu. Kamiyau yaliza hutala. A Zakeyu ayang'ana mlongo wawo, ayang'ana kapulana, ayang'ana mitambo. Anena kuti poti mayi wake alipo, mbumba ikhale. Katundu watsitsidwa. Kanjere kaja aika m'thumba la malaya, akwera, apita. Nkhani imeneyo idzamera mvula ikatha.

Fumbi la kamiyau lisanathe, apongozi afunsa khoma kuti watsala wochuluka bwanji. Ndauza Yasinta kuti thumba limodzi, limene lili pafupi ndi mbalame ija. Apongozi atembenukiranso kukhoma. Kenako: "Kadzidzi wa maliro amachokera kwina kudzalira. Uyu ndi wa pakhomo pano. Asamusokoneze, akulondera."

Ku Institutu sanatiphunzitse zimenezi, koma ndazilemba.

Tsono ndili kukhitchini. Mphasa, bulangete, jekete ya ukwati ngati pilo. Mvula yoyamba yafika ndipo denga la udzu likudontha pamalo amene ndaika mutu. Ndikasuntha, nalonso likusuntha. Msewu wa ku Chiputo watsekeka. Apongozi tili nawo mpaka chimanga chitacha.

Kuunika kwa sabata:

- makoswe: alipo;
- mileme: ilipo, yawonjezera chipinda;
- kadzidzi: wakwezedwa pantchito;
- Petauke ndi ana: ali m'chikuta;
- wailesi: yatha mabatire, ili komweko;
- oletsedwa kukwera kudenga: ine;
- otulutsidwa m'nyumba sabata ino: mmodzi.

A Layitoni asuzumira pampanda, thumba la feteleza lili kumutu. "ATicha, ku Zambia..." Ndatseka chitseko.

Kunja kukuda. M'nyumbamo mwana walira pang'ono, Yasinta wamutonthoza, waleka. Ali muno, pabwalo langa lino, ndipo mawa ndimunyamula.

Chapamwamba pawo mkonono wanga wayamba kale. Ine ndikadali maso.